Za Kukonzera Wolumala Malo Pakhomo

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za bambo amene wabwera kuchokera kuchipatala atafa ziwalo mbali imodzi, za mwana wosatha kukhala tsonga, ndi za agogo amene achita khungu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno, mwa anthu 100 a zaka 5 kapena kuposa, 10 ali ndi ulumali. Tsono palibe mudzi umene nkhani iyi iulambalala.

Ilipo ntchito ina ya chipatala yotchedwa occupational therapy, ndiko kuthandiza munthu pomzoloweretsanso ntchito zake za masiku onse. Bungwe la akatswiri ake linakhazikitsidwa ku Clifton Springs, m'dziko la America, mu 1917, ndipo ntchitoyi inakula posamalira asilikali ovulala pa nkhondo yaikulu yoyamba. Akatswiriwa safunsa za nthenda yokha iai. Afunsanso kuti munthuyo adya bwanji, asamba kuti, afika bwanji kuchimbudzi. Kwathu kuno odwala ena aphunzira zotere ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, koma akatswiri ngochepa, ndipo wodwala akabwerera kumudzi ntchito yotsala igwera inu eni ake.

Yambani mwayang'ana khomo la nyumba. Likapapatiza, njinga ya wolumala silowa, mwini wake nakhala ngati wandende. Likuzeni lifike masentimita 90. Khonde likakhala lalitali, undani dothi potsetsereka: pa msinkhu wa phazi limodzi, chitundacho chitalike mapazi 12.

Chachiwiri ndi chimbudzi. Zimbudzi zathu zifuna munthu wotha kunjuta, chimene wofa mwendo sangathe. Boolani mpando wathabwa, muuike pa dzenje, ndi kuzika mtengo wolimba pambali kuti azigwira podzuka. Wakhungu mummangire chingwe kuchokera pakhomo kufikira kuchimbudzi, ndipo m'njiramo musasiyemo khasu kapena mtondo.

Chachitatu ndi chakudya. Mwambo wathu uti nsima idyedwa ndi dzanja lamanja. Koma ngati dzanjalo lafa, musamchititse manyazi wodyera kumanzere. Zala zikalephera kufumbata, kulungani mphira wa chubu cha njinga pa chogwirira cha supuni kuti chinenepe. Mwana wofooka msana mumkhazike pangodya, mutamtchinjiriza ndi nsalu, kuti aone anzake ndi kumeza bwino. Kumdyetsa ali chagada kungamtsamwitse.

Koma chopinga chachikulu sichikhala pakhonde. Ena abisa mwana m'nyumba poopa malilime a anthu, ena ataya nthawi kufunafuna mfiti, pamene ulumali wa ana ambiri uchokera ku kubadwa movutikira kapena ku malungo okwera kumutu, ndipo kufa ziwalo kwa akulu kawirikawiri kutsata kuthamanga kwa magazi. Enanso, chifukwa cha chifundo, amchitira wodwala zonse, namukhazika pamphasa tsiku lonse. Chifundo chotere chilemetsa ziwalo, chifooketsanso mtima. Mpatseni chimanga atongole, nyemba asankhe, mlaza aluke. Ntchito ichedwa, inde, koma dzanja lizolowera, ndipo munthu aona kuti akali wofunika pabanja.

Mutu umodzi susenza denga. Mayi yekha asasiyidwe ndi katundu uyu: bambo akonze khomo, anyamata aunde dothi, atsikana aperekeze mbale wao kusukulu. Musanafike mwezi wamawa, yendani pabwalo panu ndi wodwalayo, mumfunse mwini wake pamene pamvuta, ndipo muyambire pomwepo.