Masheya nawo ali ndi okushoni yake

Alimi anzanga, chaka china fodya atandiyendera bwino ndinaganiza zoika ndalama zina m'masheya. Masheya ndi zigawo za umwini wa kampani, ndipo kuno kwathu amagulitsidwa ku Malawi Stock Exchange mumzinda wa Blantyre, msika umene unayamba malondawa mu 1996 ndi masheya a kampani ya NICO. Munthu sugula wekha kumeneko, umatuma broker, mkhalapakati wovomerezeka ndi lamulo. Nkhani yagona pa katumidwe kakeko.

Ine ndinangoti, "Ndigulireni lero lomwe." Kutuma kotere amati market order: broker amagula kapena kugulitsa msanga pa mtengo umene waupeza. Tsiku limenelo masheya otsika mtengo anali ochepa, choncho otsalawo anandigulira okwera. Ndalama zimene ndinasungira feteleza zinalowa momwemo, ndipo wolakwa ndinali ine.

Pambuyo pake ndinaphunzira za limit order. Apa mumaika malire. Tiyerekeze kuti sheya ili pa K100. Mukati, "Musapitirire K95," broker sagula mpaka mtengo utatsika kufika pamenepo. Pogulitsanso mumatchula mtengo umene simungatsikepo. Zili ngati ku okushoni ku Kanengo pamene mlimi akana mtengo wa belo lake. Koma tonse tikudziwa kuti belo lokanidwa limatha kukhalitsa. Mtengo wanuwo ukapanda kufika, palibe malonda.

Njira yachitatu ndi stop order, yotchuka m'misika ikuluikulu monga ya Johannesburg ndi London. Musaisokoneze ndi stop order yathu ija yodula ngongole pa ndalama za fodya. Iyi ndi yotchinjiriza kuluza. Ngati munagula pa K100, mumalamula kuti mtengo ukagwa kufika pa K85 agulitse. Chenjerani, mtengo ukafika pamenepo lamulolo limasanduka market order, ndiye ukamagwa mothamanga mutha kulandira zosakwana K85.

Tsono wofulumira amataya mphamvu pa mtengo, pamene woumirira mtengo ayenera kupirira. Pa msika umene ogula ndi ogulitsa ndi ochepa, ine ndimatchula mtengo wanga nthawi zonse. Musanasaine fomu, funsani broker njira zimene amalandira, masiku amene lamulo lanu likhale likugwira ntchito, ndiponso ndalama zimene adzadule. Paja safunsa anadya phula.