Zojambula za mizere ndi utoto wokhawokha si zachilendo m'Malawi

Anthu amene amagula zithunzi ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, kapena kuziona zitapachikidwa m'maofesi a ku City Centre ndi m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, adazolowera kuona njovu, nyanja kapena mayi atasenza mtsuko. Ena akaona chithunzi cha mizere ndi utoto wokhawokha amati ndi luso la Azungu, koma mbiri ikusonyeza kuti luso lotere lidalipo m'dziko muno kuyambira makedzana.

Ku Ulaya, kujambula kosafanizira munthu, nyama kapena malo kudayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Hilma af Klint wa ku Sweden adayamba kujambula motere m'chaka cha 1906, pomwe Wassily Kandinsky wa ku Russia adatulutsa buku ku Munich m'chaka cha 1911 momwe adafotokoza kuti utoto umafika pamtima monga momwe nyimbo yopanda mawu imachitira. M'chaka cha 1915, Kazimir Malevich adaonetsa chithunzi chakuda cha ngodya zinayi pansalu yoyera.

Kuno kumudzi, umboni uli m'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pamiyala. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006.

Zojambula zakale kwambiri kumeneko ndi zofiira, ndipo zidajambulidwa ndi Akafula omwe ankakhalira kusaka nyama ndi kutola zipatso. Zambiri mwa izo ndi mikombero yolowana, mizere yondondozana ndi timadontho. Akatswiri ena amati zizindikirozi zinkakhudza mvula ndi kubereka.

Pambuyo pake alimi a Chichewa adajambula ndi dongo loyera pogwiritsa ntchito zala. Zina mwa zojambulazi zinkathandiza anamkungwi kulangiza anamwali, pomwe zina zikuonetsa zilombo za Gule Wamkulu. Tanthauzo lake silinali la aliyense ayi, koma la okhawo amene adalowa mwambo.

Apa n'pamene pali kusiyana. Ojambula a ku Ulaya ankafuna kuonetsa za mumtima mwa munthu mmodzi, pomwe a ku Chongoni ankasunga chiphunzitso cha mudzi wonse. Komabe onse adagwirizana pa mfundo imodzi, yoti utoto ndi mzere zimatha kulankhula pazokha.

Vuto ndi lakuti zojambula za pamiyala zikafufutika sizibwereranso. Utsi wa moto wosonkhedwa m'mapanga, kudula mitengo yotchinga dzuwa ndi mvula, komanso mchitidwe wolemba mayina pamiyala ndi makala zikuwononga chumachi.

Choncho amene akukacheza ku Chentcherere, Namzeze kapena Mphunzi ayenera kupewa kukhudza zojambulazo kapena kuzithira madzi pofuna kuti zioneke bwino.