KUKONZA DOTHI LOBZALAMO TSABOLA M'NDOWA KU EAST RAND

Kum'mawa kwa Johannesburg kuli mizinda yondondozana imene inamangidwa cifukwa ca migodi: Germiston, Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs. Dera lonseli lidziwika ndi dzina lakuti East Rand, ndipo kuyambira caka ca 2000 liri pansi pa ulamuliro umodzi wochedwa Ekurhuleni. Anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anayamba kale kupitako, ena pa Wenela, ena paokha, ndipo kufikira lero ambiri akhala ku Tembisa, Katlehong ndi Daveyton, m'zipinda za lendi za kuseri kwa nyumba. Kumeneko kulibe dimba, koma munthu wozolowera kambuzi pa ndiwo zace saleka kumlakalaka. Cifukwa cace ambiri amabzala tsabola m'ndowa pakhomo.

Mbeu ya m'munda imatambalitsa mizu yace kutali kufunafuna madzi ndi cakudya. Mbeu ya m'ndowa siingatero. Moyo wace wonse uli m'dothi limene mwini wace anathiramo, ndipo dothilo likalakwika, palibe madzi kapena feteleza amene angalikonze pambuyo pace.

Coyamba ndico kudziwa dothi loyenera kulipewa. M'dera limeneli muli zitunda za mcenga wacikasu wocokera m'migodi. Mgodi wa ERPM wa ku Boksburg, umene unayamba m'caka ca 1893, unaleka kukumba pansi m'caka ca 2008, koma zinyalala za migodi yotere zikalipobe. Mcengawu uoneka woyera bwino, koma ndiwo miyala yopera, ndipo muli pyrite, mwala umene ukakomana ndi mpweya ndi madzi umabala asidi wotentha mizu. Mulinso uranium ndi zitsulo zina zoononga thupi la munthu. Motero mlimi asatape mcenga kapena dothi pafupi ndi zitundazi, ngakhale m'ngalande zotsika kucokera komweko. Apewenso dothi limene munali tomato, mbatata ya kacewere kapena fodya, pakuti mbeuzi nza banja limodzi ndi tsabola, ndipo nthenda zao za kufota zimatsalira m'nthaka.

Dothi labwino la m'ndowa licita nchito zitatu: lisunga cinyezi, litaya madzi otsala, ndiponso lidyetsa mbeu. Palibe dothi limodzi locita zonsezi palokha, ndico cifukwa cace lisanganizidwa. Muyeso wace ndi uwu: magawo awiri a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la manyowa oola bwino, ndi gawo limodzi la mcenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu. Dothi ndilo logwira mizu. Manyowa asunga madzi ndi cakudya. Mcenga utsegula njira za mpweya. Dothi la pabwalo likathiridwa lokha limagwirana ngati njerwa, madzi naima pamwamba, mizu ndi kubanika. Mcenga wosalala wopakira nyumba suthandiza, cifukwa umatseka timipata m'malo motsegula.

Wosowa dothi lokhulupirika agule la m'matumba kusitolo ya mbeu. Lambiri la ku South Africa lipangidwa ndi makungwa a paini oola; nlopepuka ndipo litaya madzi msanga, koma cakudya cace ncocepa. Lotere lisafuna mcenga: magawo awiri a ilo asanganizidwe ndi gawo limodzi la manyowa.

Manyowa oola adziwika pakuda kwace, pakufumbutuka m'manja, ndi posanunkha khola. Ndowe yaiwisi, makamaka zitosi za nkhuku, imatentha mizu yanthete. Manyowa akacuruka kopitirira, tsabola amacita masamba obiriwira okondweretsa maso, koma maluwa amayoyoka osabala kanthu. Pa ndowa ya malita 20 mlimi aonjeze dzanja limodzi la ufa wa mafupa, umene ulimbitsa mizu, kapena supuni imodzi yaikuru ya feteleza wa 2:3:2, nasanganize ndi dothi lonse. Tsabola akonda dothi lowawasa pang'ono cabe, la pH 6 kufikira 6.8, motero phulusa la nkhuni lithiridwe locepa, losapitirira dzanja limodzi. Phulusa la malasha, lopezeka kwambiri m'malokeshoni, lisalowemo konse.

Atatha kusanganiza, mlimi anyowetse dothi pang'ono, nafumbate m'dzanja. Likagwirana koma ndi kumwazika polikhudza ndi cala, lakhala bwino. Likamata ngati la mbiya, lifuna mcenga. Likakana kugwirana, lifuna manyowa.

Ndowa ikhale ya malita 20 pa tsinde limodzi, ndipo isakhale imene munali penti, mafuta a galimoto kapena mankhwala. Kunsi kwace kubooledwe mabowo 6 kapena 8 olowa cala. Anthu ambiri amayala miyala pansi poyesa kuti ithandiza madzi kuturuka, koma miyalayo ingocepetsa malo a mizu, madzi nakhalabe m'dothi la pamwamba pace. Kansaru ka saka koyalidwa pa mabowo nkokwanira. Ndowa ikhazikidwe pa njerwa ziwiri, ndipo dothi lilekezere zala zitatu kunsi kwa mlomo, kuti madzi apeze poima pothirira.

East Rand iri pamtunda wokwera koposa mamita 1,600, ndipo cisanu ca June ndi July cimapha tsabola wosiyidwa pabwalo. Kambuzi afuna miyezi yambiri yofunda, motero njere zifesedwe m'nyumba pamalo otentha m'mwezi wa August, ndipo mbande ziokedwe m'ndowa m'October, cisanu citapita. Ndowa ikhale poomba dzuwa maora 6 kapena kuposa. Ubwino wace ngwakuti inyamulika: mitambo ya matalala ikadza, kapena mphepo ikautsa pfumbi la migodi, ilowetsedwa pakhonde.

Pothirira, mlimi apise cala m'dothi. Likauma kufikira mfundo yoyamba, athire madzi mpaka aturukire pansi. Kuthirira kodumphadumpha ndiko kudetsa ndi kuoletsa nsonga za zipatso, cifukwa mbeu ilephera kukoka calcium mokwanira. Popeza madzi amatsuka cakudya ca m'ndowa, maluwa akayamba athire supuni yaing'ono ya feteleza wa 3:1:5 mwezi ndi mwezi, kutali ndi tsinde.

Pakutha nyengo dothi limakhala litatsika ndi kuguga. Likhutulidwe, lithiridwe manyowa atsopano, ndipo mubzalidwe mpiru kapena anyezi; tsabola wa caka camawa akonzeredwe dothi lina. Wocita motero adzathyola tsabola wokwanira banja lace kuyambira January kufikira cisanu cibwerenso, ngakhale alibe munda m'dziko la eni.