CHIGUMU: MKATE WA PA MUDZI WOSALIRA NG'ANJO

Kwa inu eni mabanja a m'midzi ya ku Zomba, kuyambira m'tsinde mwa phiri kufikira ku madambo a nyanja ya Chilwa.

Munthu akalowa mu msika wa ku Zomba m'mamawa, apeza mkate wa tirigu, umene ambiri autcha buledi, uli pa mtengo wakuti mwini banja la ana asanu sangathe kuugula tsiku ndi tsiku. Chifukwa chache nchodziwika. Tirigu wolimidwa m'dziko lathu, kumapiri a ku Neno ndi ku Tsangano, achepa ndithu, ndipo ufa wambiri wa buledi uchokera ku tirigu wogula kunja ndi ndalama za maiko ena. M'chaka cha 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko olima tirigu wochuluka, inakweza mtengo wache pa dziko lonse. Ndipo mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, zinthu zonse zochokera kunja nizikwera pamodzi. Potero ana ambiri anyamuka kunka ku sukulu m'mimba mulibe kanthu, ndipo mwana wanjala samva mau a mphunzitsi.

Koma chimanga, nthochi, mbatata ndi mtedza ziri m'minda mwanu. Ndi izi munthu aphika chigumu, chimene ena achitcha chikondamoyo, wopanda ng'anjo ya njerwa, wopanda magetsi, ndi mphika womwe uli m'nyumba. Tilemba kalata iyi kuti athandizike nayo oyamba kumene, ndi iwo amene anayesa kamodzi, chigumu nichipserera, nataya mtima.

Chimene chitupitsa mkate

Ufa wa tirigu uli ndi ulimbo wache, umene ugwira mpweya m'kati mwa mkate kuti ufufume. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo wotere, chifukwa chache ukaphikidwa wokha uyoyoka ngati mchenga. Nthochi yakupsa ndiyo imanga ufawo pamodzi, nipatsanso kutsekemera, kotero kuti shuga safunika wambiri.

Chotupitsa chathu ndicho soda, yemweyo amai athira m'thelele. Soda akakomana ndi chinthu chowawasa, monga chambiko kapena madzi a mandimu, atulutsa mpweya, ndipo timathobvu ta mpweyawo ndito tichititsa chigumu kupepuka. Nchito imeneyi iyamba pomwepo soda atanyowa. Chifukwa chache muyambe mwakoleza moto, makala nayaka bwino, musanathire soda. Pakuti phala la chigumu likakhalitsa pansi kudikira moto, mpweya uthawa, ndipo mudzaphula chinthu cholemera ngati dothi.

Za ufa

Mgaiwa uposa ufa woyera pa nchito iyi, popeza chimanga chosakonola chisunga gaga ndi mtima wa njere, m'mene muli mafuta ndi zina zomanga thupi. Koma mafuta omwewo achititsa mgaiwa kuipa msanga. Chotero musagaitse wambiri pa nthawi imodzi, ndipo muusefe musanaphike.

Chenjerani ndi chimanga kapena mtedza wa chuku. Alipo ena anena kuti, Chimanga chobvunda ichi tisataye, tiphike chigumu, nthochi idzabisa fungo lache. Kumeneko ndiko kudzipha. M'chuku mukhoza kukhala ululu wotchedwa aflatoxin, umene uononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo moto wa makala suupha ai. Musankhe njere pa lichero, zoola ndi zosandulika maonekedwe muzitaye.

Muyeso wa mphika umodzi

Mutenge kapu imodzi yomwera tiyi, ndipo muyese zonse ndi kapu yomweyo, kuti tsiku lina mudzadziwe pamene munalakwa.

Mgaiwa wosefa, makapu 3.
Nthochi zakupsa kwambiri, za makoko a mathotho akuda, 5 zazikulu.
Nsinjiro, theka la kapu; kapena mafuta ophikira, masupuni akulu 2.
Mchere, theka la supuni yaing'ono.
Soda, supuni yaing'ono 1, yosadzaza mulu.
Chambiko, kapu 1. Chikasowa, madzi kapu 1 ofinyiramo ndimu limodzi.
Shuga, masupuni akulu 2, ngati alipo.

Mukanye nthochi m'mbale kufikira zisanduke phala. M'mbale yina musanganize ufa, nsinjiro, mchere ndi soda zikali zouma, kuti soda afalikire ponse. Pamenepo muphatikize zonse ndi kutakasa ndi mthiko, ndi kuthira chambiko pang'ono pang'ono. Phala loyenera ndilo limene ligwa pa mthiko mwaulesi. Likhale lolimba kuposa phala la mwana, ndi lofewa kuposa nsima. Dzira limodzi, ngati nkhuku zaikira, lilimbitsa chigumu. Ndipo amene ali ndi ufa wa tirigu wochepa asauthe pa tsiku limodzi: aike kapu imodzi ya tirigu pa makapu awiri a mgaiwa, adzaona chigumu chofewa, ufa wogulawo nukhala masiku ambiri.

Mphika ndi moto

1. Mutenge mphika wadothi kapena poto wochindikala, mupake mafuta pang'ono m'kati, ndi kuyalamo tsamba la nthochi lowamba pamoto kuti lifewe. Tsambalo liletsa chigumu kumamatira.

2. Muthire phala kufikira theka la mphika, losapitirira. Malo otsalawo ndiwo otupira.

3. Mubvundikire ndi chibvundikiro chachitsulo, kapena chidutswa cha chitsulo choyera chopanda utoto.

4. Pansi pa mphika muike makala ochepa ofunditsa phulusa, ndipo ochuluka muaike pamwamba pa chibvundikiro. Apa ndipo oyamba alakwa kawiri kawiri: asonkhezera moto pansi monga aphika nsima, ndipo chigumu chipserera kunsi pamene m'kati muli mwauwisi.

5. Musabvundukule mphindi 30 zisanathe. Zikatha mphindi 40, mubaye pakati ndi mpeni woyera kapena kanjere ka udzu. Kakatuluka kouma, chapsa. Mphika waukulu ukhoza kufuna ora lathunthu. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha.

6. Mukaphula, muchileke chizizire chisanadulidwe, pakuti chotentha chiphwanyika.

Amene ali ndi poto wopyapyala achite chotere: athire mchenga wouma wa ku mtsinje m'sefuliya yaikulu, kuya kwache zala zitatu, autenthetse, ndipo akhazike potoyo pa mchenga, nabvundikire sefuliyayo ndi makala pamwamba. Mchenga ugawa kutentha mofanana, ndipo imeneyi ndiyo ng'anjo ya munthu wosauka.

Chigumu chikakana

Chikawawa ndi kuoneka chachikasu m'kati, mwachulutsa soda. Ndipo dziwani kuti soda wambiri aononganso zina za mavitamini a m'chakudya. Chikayoyoka, nthochi zinachepa kapena madzi. Chikaphwa pakati, munabvundukula msanga kapena phala linali lamadzi. Chikada pamwamba m'kati musanapse, muchotseko makala ena ndi kufunda phulusa pa otsalawo. Musinthe chinthu chimodzi chokha pa kuphika kuli konse, kuti muzindikire chimene chakonza.

Nthochi zikasowa

Nthenda ya chisaka yatha minda yambiri ya nthochi m'Malawi, makamaka ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay. Ifalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndi mphukira zotengedwa ku mapando odwala, ndipo mankhwala ochiritsa phando lodwala palibe, koma kulizula lonse ndi kubzala mbeu yabwino yochokera kwa alangizi a zaulimi.

Pokhala nthochi zasowa, mbatata yophika ndi kukanya ilowa m'malo mwache, makapu 2 pa muyeso womwe uja, chimodzimodzinso dzungu. Yoposa zonse ndiyo mbatata yofiira m'kati, pakuti iri ndi vitamini A, amene asunga maso a ana ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Mitundu yache, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, inaperekedwa kwa alimi m'chaka cha 2011. Mufunse mlangizi wa kwanu za mbeu yache. A ku Chilwa, amene alima mpunga, asataye misere ya mpunga. Aigaitse, ufa wache ulowe m'malo mwa kapu imodzi ya mgaiwa.

Nkhuni ndi phiri

Madzi amene mzinda wa Zomba umwa achokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo mitsinje ya Likangala ndi Domasi, imene ithirira madimba anu, itsika m'mapiri omwewo. Phiri likametedwa mitengo, mitsinje isefukira m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe. Tonse tikumbukira namondwe Freddy mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre ndi kukwirira nyumba ndi anthu. Chigumu chisakhale chifukwa cha kugula makala otentha m'nkhalango. Makala otsala pa mafua mutaphika nsima ya madzulo akwanira. Zitsononkho zouma ndi mitengo ya nandolo mutakolola zipereka moto wabwino. Ndipo mbaula yadothi ya Chitetezo idya nkhuni zochepa kuposa mafua atatu.

Chenjezo lina ndi ili. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwatsika m'phiri, musalowe ndi makala a moto m'nyumba yotseka kuti muothe pogona. Makala atulutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo. Muphikire panja kapena m'khichini mopita mphepo.

Kwa mwini banja

Nchito iyi musaisiyire amai okha. Gawo lanu ndilo kusunga chimanga chouma bwino, kupatula mizere ingapo ya mbatata ndi mtedza, ndi kusamala nthochi za kuseri kwa nyumba. Mphika umodzi wophika madzulo utuluka zidutswa 12, zokwanira ana m'mawa ndi olima ku munda masana. Muchisunge chobvundikira ndi nsaru yoyera, ndi kuchidya masiku awiri asanathe, makamaka m'nyengo yotentha.

Ofuna kugulitsa ku msika wa Songani, wa Thondwe kapena wa Jali ayambe awerengera mtengo wa ufa, nthochi, soda ndi nkhuni, ngakhale zochokera m'munda mwao, nagawe ndi 12; akatero adzadziwa mtengo wa chidutswa chimodzi, ndipo sadzagulitsa motaya. Koma ana a m'nyumba ayambe adya, chotsala ndicho chipite ku msika. Muyese mphika woyamba sabata lino, ndipo muitane mwana wamkulu aimirire pafupi, aone muyeso ndi kaikidwe ka makala, kuti tsiku limene amai ache adwala adzathe kuphikira abale ache.