Homuweki ya mwana yandipeza pabedi la m'mwamba ku Deira

Amene mumagona m'zipinda za bedspace kuno ku Dubai mukudziwa kuti munthu wa bedi la m'mwamba alibe poika chinthu. Wapansi ali ndi mwayi, amangokankhira chikwama, nsapato ndi tchaja kunsi kwa bedi. Ife a m'mwamba foni timagona nayo ngati khanda, ndipo ukangotembenuka usiku umamva yati phwaa pa matailosi. Ine chaka chino chokha ndasinthitsa galasi la foni kawiri kwa anyamata okonza mafoni ku Naif, moti mmodzi akandionera patali amayamba kuseka ndisanapise n'komwe dzanja m'thumba. Kukhoma msomali pakhoma n'koletsedwa, mwini nyumba safuna kuona bowo.

Vutoli ndinkalitenga ngati kutentha kwa mwezi wa Ogasiti, umangopirira. Amene analiona ngati nkhani yofunika kuiganizira ndi mtsikana wa zaka 14, mwana wa achimwene ena a kwathu amene amakhala kuno ndi banja lawo. Iwowa ndi mmodzi wa ochepa amene anakwanitsa kuitanitsa mayi ndi ana. Lamulo la kuno limafuna malipiro osachepera 4,000 dirham pamwezi, kapena 3,000 ngati kampani ikukupatsa pogona, ndipo ukadumpha pamenepo fizi ya sukulu imakhala ikukudikira kutsogolo. Mwanayu ali mu Year 9 pasukulu ina yotsatira maphunziro a ku Britain, ndipo mwa maphunziro akewo muli lina lotchedwa Design and Technology.

Lamulungu lina tinakumana pa kamalo kogulitsira tiyi wa karak pafupi ndi Baniyas Square, ine, bambo ake ndi iyeyo. Anatulutsa kope.

"Ankolo, aphunzitsi atiuza kuti tipeze munthu weniweni amene ali ndi vuto lenileni, tim'pangire chinthu. Adadi akuti inuyo mumaswa foni."

Ndinkayembekeza kuti andionetsa chithunzi cha kashelefu. Ayi ndithu. Anali ndi mafunso okhaokha. Mumagona mutu uli mbali iti? Soketi ili kuti? Mukadzuka m'mamawa kukanali mdima, chimene mumayamba kufufuza n'chiyani? Wogona pansi panu amabwera nthawi yanji kuchokera kuntchito? Mukasamuka chipinda, chinthucho mudzafuna kupita nacho? Ndinamuuza kuti iwe mwana, ingondipangira kabokosi basi. Anandiyankha mwaulemu kuti kalasi lawo salola kujambula kanthu usanafunse mwini vuto, ndipo wochita zimenezo mamalikisi amam'dutsa. Bambo ake anaseka nati safunsa anadya phula.

Poti mtsikana sangalowe m'chipinda cha amuna okhaokha, anandibwereka tepi yoyezera kuti ndikayeze ndekha chitsulo cha m'mbali mwa bedi. Usiku womwewo ndinamutumizira uthenga kuti ndi pafupifupi inchi imodzi. Yankho linabwera msanga: "Ankolo, pafupifupi ayi. Mamilimita angati?" Ndinakwera pabedi ndi tochi ya foni, anzanga akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anali 25.

Pamenepa ndi pamene ndinayamba kufunsa kuti kodi phunziroli amaphunziramo chiyani kwenikweni, poti ineyo ndinkaliyesa ukalipentala wovala tayi.

Mwanayo anandionetsa fayilo yake tsamba ndi tsamba. Tsamba loyamba ndi vuto, lolembedwa m'mawu ochepa: mwamuna wogona pabedi la m'mwamba akusowa poika foni, tchaja ndi magalasi. Kenako pali mndandanda wa zimene chinthucho chiyenera kukwaniritsa, ndipo chilichonse chiyenera kukhala choyezeka. Kulemba kuti "chikhale cholimba" salola. Umalemba kuti chinyamule theka la kilogalamu osapindika. Kulemba kuti "chikhale chotchipa" salolanso. Umatchula ndalama yake. Iye analemba kuti chisapitirire 10 dirham, chisafune msomali kapena guluu, ndipo chilowe m'chikwama tsiku losamuka. Pambuyo pake m'pamene pamabwera zojambula, osati chimodzi koma zingapo, zina zooneka zopusa, chifukwa aphunzitsi awo amati ganizo loyamba kubwera m'mutu kawirikawiri limakhala lomwe aliyense analiganiza kale. Ukasankha chimodzi, umachipanga kaye ndi katoni. Thabwa ndi makina zimabwera kumapeto.

Palinso mbali ina imene inandigwira mtima, yophunzira kuyang'ana zinthu zimene ena anapanga kale. Anandifunsa chifukwa chake pulagi ya mano atatu ili ndi dzino limodzi lalitali kuposa enawo. Ine amene ndimalongedza mafiriji, maketulo ndi masimbi opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre sabata iliyonse pa shopu ya kago, sindinayankhe. Dzino lalitalilo ndi la waya wotaya magetsi pansi chinthu chikavuta; limalowa loyamba ndi kutuluka lomaliza, komanso ndi limene limatsekula titseko tating'ono tobisa mabowo awiri a m'munsi kuti mwana asapisemo msomali. Ndiye kuti tikamatokosa bowo la pamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni pofuna kulowetsa tchaja ya mano awiri, timakhala tikuthyola chitseko chimene munthu wina anachiganizira bwino lomwe. Pulagi yomweyi ndi imene timagwiritsa ntchito kwathu, n'chifukwa chake katundu wambiri wogula kuno amangofikira kulowa m'soketi ku Area 25.

Tsiku lina tikuwoloka Creek pa abra, timaboti tathabwa tija timalipira 1 dirham, anachitanso zomwezo. Bwanji mpando uli umodzi pakati, anthu n'kumakhala mofulatirana? Kuti kulemera kukhale pakati boti lisapendekeke, ndiponso anthu 20 akwere ndi kutsika msanga popanda kudumphana miyendo. Kutsidya, ku Al Fahidi, anandilozera nsanja za mphepo zili pamwamba pa nyumba zakale, zimene zinkakoka kamphepo kulowetsa m'zipinda kusanabwere makina oziziritsa. Ndawoloka pamenepo kosawerengeka, maso ali pa foni.

Choyeserera chake choyamba cha katoni chinafika kudzera mwa bambo ake. Chinali kabokosi kokhala ndi ngowe ziwiri zokola pa chitsulo chija. Ngowezo zinakwana ndendende, 25 uja anagwira ntchito. Koma usiku woyamba womwewo mnzanga wa ku Uganda amene amagona pansi panga, pobwera ku shifiti ya usiku, anachigunda ndi mutu. Foni inagwa. Mwamwayi inagwera pa bulangete lake.

Ndinachita manyazi kumuuza mwanayo, poopa kumugwetsa ulesi. Nditamuuza, anasangalala ngati wapambana mpikisano. Anandipempha chithunzi cha katoni yophwanyikayo, n'kuchimata mu fayilo, pansi pake n'kulemba kuti anaiwala kuti bedi lili ndi anthu awiri ndipo anafunsa mmodzi yekha. Akuti tsamba limenelo, losonyeza polakwika ndi mmene wakonzera, limalemera mamalikisi kuposa chinthu chokongola chopanda mbiri. Chachiwiri anachifupikitsa kuti chisalendewere, koma waya wa tchaja unkapindika pakamwa pa foni. Chachitatu anaboola kabowo pansi kodutsira wayayo. Chimenecho ndi chimene anakadula kusukulu pa thabwa lopyapyala la pulayiwudi, ndi makina a laser, atachijambula pa kompyuta. Zidutswa zake zimalumikizana zokha popanda guluu, ndipo ukaziphwasula zimagona fulati ngati buku.

Apa ndiye pali nkhani imene yandichititsa kulemba. Kumapeto kwa Year 9 ana amasankha maphunziro amene adzalembe pa mayeso a IGCSE. Mwanayu akufuna Design and Technology. Bambo ake akufuna maphunziro a zamalonda. Mawu awo kwa ine anali akuti: "Achimwene, sindinasiye kwathu kudzawauka ndi dzuwa kuno kuti mwana wanga, wamkazinso, adzakhale kalipentala."

Sindikuwaweruza, poti maganizo amenewa tinakula nawo tonse. Kwathu Woodwork, Metalwork ndi Technical Drawing zilipo pa mayeso a MSCE, koma ndi sukulu zochepa zimene zili ndi zipangizo ndi aphunzitsi ake, ndipo m'masukulu ambiri oyendera za m'madera n'zongomva. Pasukulu yomwe ndinaphunzira ine panali chipinda cha zipangizo chokhomedwa ndi loko wadzimbiri, tinkangosuzumira pawindo n'kuona mabenchi ali fumbi lokhalokha. Ntchito zamanja tinkaziona ngati kothawira amene sukulu yawakana. Ngakhale TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo makoleji ngati Soche, Nasawa, Namitete ndi Lilongwe Technical akhala akutulutsa amisiri zaka zambiri, kholo likamanyadira mwana pamaliro kapena paukwati limatchula wa ku yunivesite, wa ku Nasawa amatchulidwa ndi mawu otsika.

Koma zimene ndaona mu fayilo ija si ukalipentala, ngakhale ukalipentala ulibe chonyozeka. Pa mayeso a Cambridge a phunziroli, theka la mamalikisi limachokera pa ntchito yangati imeneyi, yopeza vuto, kufufuza, kujambula, kupanga ndi kuyesa. Theka linalo ndi mapepala awiri, limodzi la kapangidwe ka zinthu, linalo la mbali imene mwana wasankha, kaya zamatabwa, zitsulo ndi pulasitiki, kaya zamagetsi ndi makina, kaya zojambula. Mwana amene wadutsa mmenemo amatha kulowera uinjiniya kapena zojambula mapulani a nyumba. Dubai yomweyi inatsekula sukulu yakeyake ya ukachenjede ya zimenezi mu 2018, Dubai Institute of Design and Innovation, ndipo chaka chilichonse kuyambira 2015 kumachitika Dubai Design Week. Anthu amene anazolowera kugulitsa katundu wopangidwa ndi ena aona kuti ndalama yeniyeni imatsala ndi amene anaganiza katunduyo.

Ife tili pati pamenepa? Yendani m'misewu ya Naif ndi Al Ras madzulo muone. Amayi ndi abambo a kwathu, a ku Zambia, a ku Tanzania, a ku Nigeria, aliyense ndi zikwama zikuluzikulu, kupikula zoikapo mafoni, mashelefu a nsapato a pulasitiki, timatochi, tindowa topinda. Zambiri mwa izo n'zochokera ku China. Ndimazilongedza ndi manja angawa, ndipo zina ndimadziwiratu kuti sizikatha miyezi itatu pa fumbi ndi dzuwa la ku Nsanje, chifukwa amene anazipanga sanafunsepo munthu wa ku Nsanje funso ngakhale limodzi.

Chikhalirecho luso kwathu silisowa. Mwana aliyense amene anapindapo galimoto ya mawaya, chiwongolero chake n'kumakhotetsadi mateyala, anayamba kale phunziroli osadziwa. Okhoma ndowa ndi mbaula ku Ndirande, opala mipando ku Mchesi, amayi oumba chitetezo mbaula imene imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa, onsewa ndi opanga zinthu. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali wa msinkhu wa mtsikanayu pamene anaimika makina a mphepo opanga magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zotola kudzala, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2001 ndi 2002. Koma tisaiwale kuti iyenso anathandizidwa ndi zojambula za m'buku la mu laibulale. Chimene ana athu ambiri amasowa ndi chomwecho: rula, pepala, ndi munthu wowauza kuti yeza, jambula, lemba chimene chalakwika, yambiranso.

Chitsanzo chimene ndinawauza achimwene aja ndi makina a Pumani, othandiza makanda obadwa ndi vuto la kupuma. Anapangidwa ndi ophunzira a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala ndi anamwino a ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirira ake anali ndi timapampu topopera mpweya m'thanki ya nsomba zoweta m'nyumba ndi botolo la madzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anasonyeza kuti makanda opulumuka anali 71 pa 100 alionse pakati pa amene anaikidwa pa makinawo, pamene mwa amene analandira okosijeni yekha anali 44. Njira imene anatsata ndi yomwe ili mu fayilo ya mwana wawo: kufunsa namwino, kupanga, kuyesa, kukonza. Achimwene anangoti mmm, n'kuitanitsa karak wina. Fomu yosankhira maphunziro ikanali pamwamba pa firiji kwawo, sinasainidwe.

Ine kumbali yanga, katoni imene ndikutumiza kumudzi mwezi uno yasintha pang'ono. Mphwanga wa Sitandade 7, amene amatha mawaya a mpanda wa agogo ake popanga magalimoto, anandipempha foni. Foni adikire kaye. Ndamuikira tepi yoyezera, rula yachitsulo, pulayala, mapensulo ndi kope lopanda mizere, zonse sizinafike 40 dirham m'mashopu a zitsulo a kuno ku Deira. M'kopemo ndalemba tsamba loyamba ndekha: akawafunse agogo ake chimene chimawavuta akamatunga madzi pa mjigo, asapange kanthu kufikira atalemba mayankho awo.

Kabokosi kaja kali pabedi langa sabata yachitatu tsopano. Mnzanga wa ku Uganda akufuna kake, koma chitsulo cha bedi la pansi n'chozungulira, si cha makona anayi ngati changa. Ndamuuza mwanayo, ndipo wanena kuti Lamulungu likubwerali ndipite ndi mwini wakeyo ku Baniyas, ali ndi mafunso.