Mtengo wa Pamsewu Uli ndi Mwini

Anzathu a m'kooperativa, ambiri timati mtengo wa pamsewu ulibe mwini. Wofuna nkhuni amasadza nthambi. Wofuna mankhwala amasenda khungwa. Mtengo ukauma, tonse timadandaula dzuwa.

Ife a kalasi ya akulu kuno ku Ulongwe tinaphunzira ndi misozi. Chaka chatha tinabzala mbande m'mbali mwa msewu wopita kunkhokwe ya kooperativa. Sitinafunse munthu aliyense. Zina tinaziika pansi pa mawaya a magetsi, ndipo tinauzidwa kuti tizizule. Zotsalazo sitinazitchinge. Chilimwe chisanathe, mbuzi zinali zitamaliza zonse. Thukuta lathu linangopita pachabe.

Kodi tinalakwa pati? Tinaiwala kuti malo a tonse ali ndi malamulo.

Kuyambira 1975, nthaka yonse ya Mozambique ndi ya Boma. M'matauni akulu, misewu, misika ndi mabwalo zimayang'aniridwa ndi Munisipiyo. Tete ndi Moatize anasankha Munisipiyo wawo koyamba mu 1998. Ulongwe anakhala Munisipiyo mu 2008. Munisipiyo amakhala ndi buku la malamulo a m'tauni lotchedwa Código de Posturas. Malamulo otere amaletsa kudula kapena kuwononga mtengo wa pamalo a tonse popanda chilolezo. Wolakwa amalipira chindapusa.

Tsono tisanakumbe dzenje, tipite kwa asekeretale a dera lathu kapena kuofesi ya Munisipiyo. Tinene malo, mtundu wa mtengo ndi amene adzausamale. Iwo amadziwa podutsa mipope ya madzi ndi pamene msewu udzakuzidwe. Mtengo ukafuna kugwera nyumba, tikanenenso komweko, osangotenga nkhwangwa ayi.

Atatilola, ntchito iyende chonchi.

Tisankhe mtengo woyenera malo. Bulugamu amamwa madzi ambiri, asakhale pafupi ndi chitsime. Mbawa ndi mango zimakula kwambiri, zikhale kutali ndi mawaya ndi makoma. Mitengo ya mthunzi italikirane mapazi 10 a munthu wamkulu.

Tikumbe dzenje la masentimita 50 kuya, ndi 50 m'mbali zonse. Dothi lakuda la pamwamba tisakanize ndi manyowa owola bwino, ndipo liyambe kulowa m'dzenje. Tichotse pulasitiki ya mbande, koma dothi la ku mizu lisagumuke. Tibzale mu Disembala kapena Januwale, mvula itakhazikika.

Tsiku lomwelo titchinge ndi mitengo ndi minga. Mawa ndi kutali, mbuzi sidikira. Patsinde tiyale udzu wouma kuti chinyontho chisathawe, koma udzuwo usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Mvula ikatha tilambule kuzungulira, moto usafike. Chilimwe choyamba tizithirira chidebe chimodzi kawiri pa sabata.

Chaka chino ife tayambanso, koma tayamba ndi kufunsa. Mtengo uliwonse tikuupatsa banja lousamala. Mayina a mabanjawo tikulemba tokha m'kope la kooperativa, poti tsopano cholembera timachigwira. Amayi ena achikulire a m'kalasi mwathu alemba dzina lawo koyamba pa mzere wa mtengo wa mango.

Nanga kwanuko, anzathu, mitengo ya pamsika ndi pasukulu amaisamala ndani? Kambiranani pamsonkhano ukubwerawu, mvula isanagwe.