MPHAKA AKAYANDIKIRA KUSWA

Mwezi wa June ukafika kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, chimanga chimakhala chitaloŵa m'nkhokwe, mtedza uli m'matumba, ndipo chisanu chimayamba kuluma mbandakucha. Nthaŵi yomweyi makoswe nawo amasiya minda ndi kudzamanga pakhomo. Khoswe wamkazi amaswa patangopita masabata atatu chitengere bere, kotero kuti banja losasamala limazindikira mochedwa kuti m'nkhokwe mwatsala madeya okhaokha. Amene amatilondera chuma chimenechi usiku, ife tili m'tulo, ndiye mphaka. Salandira malipiro, sapempha tchuthi. Koma ilipo nyengo yaifupi pamene mlonda ameneyu amasoŵa chithandizo chathu, ndiyo pamene ali ndi bere ndipo masiku ake ayandikira.

Mayi wina wa Chigwirizano wa kufupi ndi Kongwe adandisimbira zimene zidaoneka pakhomo pake. Mphaka wake adaswera tiana tinayi m'khitchini, kuseri kwa mtolo wa nkhuni. Ana a pakhomopo, chifukwa cha chimwemwe, adayamba kutinyamula ndi kukationetsa anzawo. Mphakayo poona kuti mtendere palibe, adatisamutsa usiku kamodzikamodzi nakatibisa kunsi kwa nkhokwe. Kutacha adapeza tiŵiri titauma ndi chisanu, ndipo tinato galu adatipeza tsiku lachitatu. "Palibe amene adafuna kuchita nkhanza," adatero mayiyo, "koma sitidadziŵe." Chifukwa cha mau ameneŵa ndalemba nkhani ino.

KUZINDIKIRA MASIKU AKE

Bere la mphaka limatenga masiku 63 kufikira 65, ndiye kuti masabata asanu ndi anayi. Pakapita masabata atatu nsonga za maŵere zimafiira ndi kukula pang'ono. Kuyambira sabata lachisanu mimba imaonekera, ndipo mphaka amadya kwambiri ndi kugona nthaŵi yaitali. Musamfinye pamimba pofuna kuŵerenga tiana, pakuti mungativulaze, ndipo ana auzidwe kuti asamnyamule chinyamulenyamule.

Likatsala sabata limodzi kapena aŵiri, mphaka amayamba kufunafuna malo. Amaloŵa kunsi kwa kama, m'dengu, m'sutikesi ya zovala, natulukanso. Maŵere amadzaza mkaka. Likatsala tsiku limodzi amakana chakudya, amayendayenda, amadzinyambita kaŵirikaŵiri ndi kulira mwachilendo. Mukaona zotere dziŵani kuti nthaŵi yakwana.

CHAKUDYA

Ambirife timangomponyera mphaka mkute wa nsima ndi kunena kuti ndiwo akadzipezera yekha. Koma mphaka adalengedwa wodya nyama, ndipo nsima yokha siingamange matupi a tiana tinayi kapena tisanu. Tsono pamene mimba yalemera sathanso kusaka monga kale. Mpatseni usipa kapena matemba, dzira lophika, ndi zotsala za nkhuku zopanda mafupa osongoka. Nsomba ya mchere muyambe mwaiviika m'madzi. Chakudya chikhale chochepa koma chopatsidwa katatu kapena kanayi pa tsiku, popeza m'mimba malo achepa. Madzi oyera asasoŵe. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri, ndipo anyezi ndi adyo zimaononga magazi awo.

MALO OSWERA

Tengani katoni kapena dengu lakale lalikulu ndithu, loti mphaka angagonemo chotambalala. Yalanimo sanza zochapa bwino. Liikeni m'nyumba, pangodya ya mdima pang'ono, posapita mphepo, posafika galu ndi mphaka wamphongo. Chitani zimenezi kukadali sabata limodzi kapena aŵiri kuti azoloŵere. Akakana nasankha pena, musalimbane naye. Ngati pamene wasankhapo mpabwino, ingosamutsirani sanzazo pamenepo.

Kuno kumapiri mdani wamkulu ndiye kuzizira. Kamwana ka mphaka sikatha kudzitenthetsa kokha m'masabata atatu oyamba, ndipo kakazizidwa kamaleka kuyamwa. Amene amakhala m'munsi mwa phiri la Ntchisi kapena pa mtunda wa Dowa boma adziŵa kuzizira kwa July. Simenti ndi dothi la pansi zimakoka kutentha, chotero pansi pa katoni payalidwe chiguduli chopinda. M'nyengo ya dzinja chenjerani ndi linthumbu, limene lingathe tiana tonse usiku umodzi.

MANKHWALA AMENE AMAPHA

Apa mpofunika kumvetsa bwino, chifukwa amphaka ambiri amafa m'manja mwa anthu oŵafunira zabwino. Choyamba, Panado amene amatichiritsa mutu ndi poizoni kwa mphaka. M'bulu umodzi wokha ungamuphe. Musampatse ngakhale mukuona ngati akumva ululu. Chachiŵiri, mankhwala ena a ufa othira m'chimanga, monga Actellic Super, ali ndi permethrin, amene thupi la mphaka silitha kumsungunula. Musamwaze ufa umenewu pofuna kupha nthata, ndipo musalole kuti aswere pakati pa matumba othira mankhwala. Dibi wa agalu ndi ng'ombe nayenso sayenera mphaka. Chachitatu, tameki ndi mankhwala ena a makoswe amapha khoswe ndi mphaka wodya khosweyo pamodzi. Banja lisankhe chimodzi, mphaka kapena poizoni.

TSIKU LAKUSWA

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Ntchito yathu yaikulu pa tsikuli ndiyo kukhala chete ndi kuyang'anira chapatali. Amphaka ambiri amaswa okha popanda vuto. Kamwana kalikonse kamabadwa m'kathumba konyoŵa. Make amang'amba kathumbako, amaluma chingwe cha mchombo, nakanyambita mwamphamvu kufikira katalira. Pambuyo pa kamwana kalikonse pamatuluka nsapo yake, ndipo make amaidya. Zimenezi nzachilengedwe, si malodza ai. Pakati pa kamwana ndi kanzake pamapita mphindi 10 kufikira ola limodzi, ndipo nthaŵi zina mphaka amapuma maola ambiri akuyamwitsa, nkudzapitiriza pambuyo pake. Kamwana kena kamatsogoza miyendo ya m'mbuyo, chimenechinso sichoopsa.

Ngati make watopa nasiya kamwana m'kathumba, sambani m'manja ndi sopo, ng'ambani kathumbako pa mphuno, pukutani kukamwa, ndipo kasisiteni ndi kansalu kouma mpaka kapume. Mukatero kabwezeni ku bere msanga, pakuti mkaka wa tsiku loyamba ndiwo umateteza ku matenda. Musakoke kamwana ndi mphamvu, kapena kuloŵetsa zala.

Koma thamangirani kwa mlangizi wa ziŵeto mukaona izi: mphaka akuchima kolimba kwa theka la ola koma osatuluka kanthu, kamwana kaonekera koma kakanirira, magazi akutuluka ambiri, kukutuluka zonunkha, kapena mphaka walefuka, akunjenjemera, ndipo sakusamala tiana take. Alangizi ameneŵa amapezeka ku maofesi a zaulimi monga ku Mponela, Madisi, Mvera ndi Malomo. Nkwanzeru kudziŵa kumene mlangizi wanu amakhala tsikulo lisanafike.

CHENJEZO KWA AMAYI OYEMBEKEZERA

M'chimbudzi cha mphaka nthaŵi zina mumakhala kachilombo koyambitsa matenda otchedwa toxoplasmosis, amene angavulaze mwana wosabadwa. Sikuti mphaka apirikitsidwe ai. Koma mayi wodwala pakati asakhale ndiye wochotsa zonyansazo kapena wochapa sanza za moswera. Ntchitoyi aigwire bambo kapena mwana wamkulu, tsiku ndi tsiku, nasambe m'manja ndi sopo. Mayiyo asambenso akachoka kudimba, ndipo nyama adye yopsa bwino.

Tikumbukirenso chiwewe. Mphaka woyamwitsa amakalipa, ndipo angalume kapena kukanda. Bala lotere litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Alangizi akalengeza katemera wa agalu, pitani nayenso mphaka, pakuti katemerayo ngwa onse aŵiri.

TIANA TIKAKULA

Tiana timabadwa tosaona ndi tosamva. Maso amatseguka pakapita masiku 7 kufikira 10. Pa masabata anayi timayamba kulaŵa chakudya chofeŵa, koma tisachotsedwe kwa make tisanakwane masabata asanu ndi atatu. M'masabata oyambawo ana a pakhomo aziona ndi maso okha.

Walira mvula walira matope. Wofuna mphaka walandiranso tiana take, ndipo mphaka angatenge bere lina asanaletse nkuyamwitsa komwe. Kutaya tiana kuthengo kapena kutiponya m'chimbudzi ndi nkhanza yosayenera nyumba ya Chikhristu. Funsiranitu kwa anansi ndi abale a mu mpingo amene akusauka ndi makoswe. Ngati simufunanso tiana tina, madokotala a ziŵeto amatseka mphaka kuti asaswenso. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito imeneyi.

MPHAKA SI MFITI

Alipo ena amene akaona mphaka wakuda, kapena akamva kulira kwake usiku, amati kwabwera mfiti, nayamba kumgenda. Kulira kuja nkwa mphaka wofuna mnzake, ndipo maso ake amaŵala mumdima chifukwa Mlengi adaŵapanga kuti aziona usiku. Akatswiri adapeza kuti mphaka wapakhomo adachokera ku mtundu wa vumbwe, ndi kuti adayandikira anthu pamene iwo adayamba kusunga dzinthu. Pa chilumba cha Cyprus padapezeka manda a zaka ngati 9,500 m'mene munthu adaikidwa pamodzi ndi mphaka. Chipangano cha mlimi ndi mphaka nchakale ndithu.

Pa Miyambo 12:10 timaphunzira kuti chilungamo cha munthu chimaonekera ndi m'mene asamalira choŵeta chake. Ana athu amatiyang'ana. Mwana amene waona make akuyala sanza m'katoni, nauzidwa kuti ayende monyang'ama chifukwa mphaka akuswa, waphunzira chifundo chimene adzachitire mng'ono wake ndi agogo ake omwe. Tsono madzulo ano, musanatseke chitseko, tamuyang'anani mlonda wanu. Ngati mimba yalemera, funani katoni lero lomwe.